A Ndaonam'buku, Kalipentala wa kwa Ansembe

Mukafunsa akuluakulu a kuno za Lazaro Miti, ena amakwinya pamphumi kuyesa kukumbukira. Koma mungoti "a Ndaonam'buku", aliyense amayamba ndi phwete, kenaka n'kupukusa mutu. Munthu ameneyo, anzanga, sankadziwa kukhala pansi. Anali kalipentala, ndipo mipando ya m'tchalitchi ndi ya m'makalasi yonse inatuluka m'manja mwake, koma palibe amene anamuonapo atakhalira umodzi mpaka thabwa kufunda. Ankadya chiimire, tiyi ankamwa akuyenda, pa Misa ankagwada ndi bondo limodzi, linzake litakonzeka kale ulendo. Koma matenda ake enieni anali mabuku. Akangotsegula buku n'kuonamo chithunzi, basi, mudzi wonse walowa m'mavuto.

Inali nthawi ya Chitaganya, tauni yathu ya Chipata ikutchedwabe Fort Jameson. Kunja kwa tauniyo, pakaphiri kena, ansembe a Katolika anali ndi sukulu yophunzitsa akatekisiti, amuna okonzekera kukaphunzitsa Mawu m'midzi. Lazaro ndi mkazi wake Monika ankakhala kumunsi kwa kaphiriko, kufupi ndi dambo. Mwana wawo Edita anali atakwatiwa cha ku Mtenguleni, ndiye pakhomo panatsala awiri: wina wothamanga, wina wotola zimene wothamangayo wagwetsa.

Pasukulupo panali laibulale, chipinda chachitali cha njerwa zootcha, chonunkha chinyezi ndi fodya. Woyang'anira anali wansembe wachikulire wa ku Holande, wa ndevu zofika pachifuwa. Dzina lake linkapota lilime, choncho anthu anangomutcha Bambo Kandevu. Mabuku ankafika m'mabokosi pa lole, kuchokera kwa akhristu a ku Ulaya. Kumeneko wansembe wokalamba akamwalira, kapena mayi wamasiye akafuna kusesa m'nyumba, ankangoti, "Tumizani ku mishoni." Ndiye munali zonse. Munali mabuku a Chilatini a zikuto zachikopa, onenepa ngati njerwa ziwiri zophatikiza. Munali maulaliki a Chifalansa, mbiri za oyera mtima, mabuku a nyimbo opanda masamba oyamba, mapu a maiko amene nkhondo inafafaniza kale, ngakhale buku la matenda a akavalo, kuno kavalo ukamusaka umabwera wekha. Ophunzira ankagwira shelefu imodzi ya pakhomo, ya katekisimu, Baibulo ndi timabuku ta Chinyanja. Mabuku ena onsewo owerenga ake anali chiswe.

Chiswe chomwecho ndicho chinalowetsa Lazaro m'menemo. Bambo Kandevu anamuitana kuti akhome mashelefu a mlombwa oima pa miyendo italiitali. Akusuntha mabuku, lina linagwa n'kutseguka lokha. Lazaro anawerama kuti alitole, ndipo tinganene kuti kuchokera tsiku limenelo sanaweramukenso.

Chinyanja ankawerenga bwino, Chingelezi anali nacho cha pamsika, koma zilankhulo za m'mabukumo sankamva ngakhale liwu limodzi. Zimenezo sizinkamudetsa nkhawa. "Mawu ndi a anthu amene ali ndi nthawi," ankatero. "Chithunzi chanena kale zonse." Nthawi zina ankafunsa ndithu kuti, "Bambo, ichi n'chiyani?" Koma Bambo Kandevu asanayankhe funso lililonse ankayamba atulutsa kaliwo, kuthiramo fodya, kupapasa machesi m'matumba onse a mkanjo. Pamene utsi woyamba ukutuluka, Lazaro ali kale kumunsi kwa phiri, buku lili kukhwapa.

Monika ankamuzindikira ndi mapazi. Akamva mgugu ukutsika njira ya kuphiri, ankayamba kubisa zinthu zake.

"Amake Edita! Ndaona m'buku!"

"Mwaonanso chiyani, atate ake Edita?"

"Azungu njuchi zawo amazigoneka m'nyumba za matabwa, za zipinda ngati hotela. Uchi umangousolola ngati kabati."

"Nanga ming'oma ya makungwa yalakwanji?"

"Yatha nthawi yake!"

Anakhoma mabokosiwo n'kukawaika kuseri kwa tchalitchi, poti kumeneko kunali maluwa. Njuchi zinabweradi, zinalowa, zinakhazikika. Koma kutsogolo kwa bukulo kunali masamba onena za utsi ndi chipewa cha ukonde, ndipo kumeneko Lazaro sanafikeko, pakuti anali atapeza kale buku lina. Lamulungu lina, limba litayamba kulira m'tchalitchi, anati akasuzumire kaye alendo ake. Anatsegula chivundikiro. Alendo anatuluka onse pamodzi n'kumuperekeza mpaka pa guwa. Akatekisiti a mawa, anthu aulemu, anatulukira pa mawindo. Bambo Kandevu anamaliza Misa ndi Chilatini chothamanga chimene palibe amene anali atachimvapo, njuchi zikuimba m'ndevu. Madzulo ake Monika ankazula mbola kumaso kwa mwamuna wake, iye n'kumalankhulabe ndi milomo yotupa ngati maungu: "Ndaona pamene ndinalakwitsa."

Zimenezo anthu anaseka n'kuiwala. Ngakhale za mkaka umene anaumanga m'nsalu n'kuupachika pamtanda wa denga kuti uume ngati wa kwa azungu, agalu a midzi itatu n'kudzagona pakhomo, zinaiwalikanso. Chimene Monika sanaseke ndi chigayo cha mphepo.

Munali m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwamba. Chimanga chinali m'nkhokwe yakale yopendekeka, denga lake litasasuka, ndipo mitengo ya nkhokwe yatsopano inali itaunjikidwa pabwalo. Lazaro anafika ndi buku la kwawo kwa Bambo Kandevu, muli nyumba ya mapiko anayi.

"Kuyambira lero munsi simudzaugwiranso. Mphepo idzakusinjirani."

"Nkhokwe bwanji?"

"Nkhokwe ithawira kuti? Mvula ikadali kutali."

Mitengo ya nkhokwe inasanduka nsanja. Mphasa ziwiri zinasanduka mapiko. Atasowa za mapiko enawo, anatenga nsalu yofunda, ndi chitenje chimene Monika ankavala pa masiku aakulu okha. Pansi anaikapo mtondo, munsi n'kuumangirira ndi zingwe ndi mano amatabwa. Ndipo tisamunamizire malemu, chinthucho chinagwira ntchito. Kamphepo katawomba, mapiko anatembenuka, munsi unakwera, n'kutsika: gu! Unakweranso: gu! Amayi anaimba nthungululu. Matiyasi, mnansi wawo, anavula chipewa. Monika yemwe, ngakhale mtima unali kuwawa poona chitenje chake chikuzungulira kumwamba anthu onse akuona, anamwetulira pang'ono.

Kenaka kudambo kunadzuka kamvulumvulu. Anabwera molunjika ngati wachita kuitanidwa. Mapiko anapenga, munsi unayamba gugugugu, mtondo unang'ambika pakati, chimanga chinamwazika bwalo lonse, nkhuku n'kuyamba chikondwerero. Nsanja inazuka, inakokolola denga la khitchini, n'kukatera m'khola la mbuzi la Matiyasi. Mbuzi zinapezeka mawa lake, chitenje sichinapezeke.

Mvula ya chaka chimenecho inafulumira. Inapeza nkhokwe ili chitsegukire, mitengo yatsopano ili zidutswa. Chimanga chinamera m'nkhokwe momwemo, china n'kuola. Pofika Januwale, Monika anasenza dengu lopanda kanthu kupita ku Mtenguleni, kukagwada pamaso pa apongozi a mwana wake. Chimanga anamupatsa, ndipo anamupatsa mwaulemu, koma ulemu umenewo ndiwo unamubaya. Atabwerera sanalowe m'nyumba. Anatula dengu pakhonde n'kukwera phiri.

Anagwada pakhomo la laibulale. "Bambo, ndabwera ndi dandaulo. Mwamuna wanga samwa, samenya, sayenda ndi akazi. Akanakhala wamowa, bwenzi ndikudziwa kuti akaledzera agona. Koma awa sagona. Mabuku anuwa andithera banja. Tsekani chitsekochi."

Bambo Kandevu nawonso ankamva chisoni, pakuti pamishoni ponsepo Lazaro yekha ndiye ankakondwera bokosi latsopano likafika. Koma anaona mapazi a mayiyo, ong'aluka ndi ulendo, ndipo anavomera.

M'mawa mwake anaitana kalipentala wawo. "Lazaro, tandiikira loko pachitsekochi."

Lazaro anaika loko mwaluso, akuimba mluzu. Anayesa kiyi, natseka, natsegula, natsekanso, n'kupereka.

"Kodi kwabwera akuba, Bambo?"

"Ayi, mwana wanga. Loko ameneyu ndi wako."

Ndiye kunachitika chodabwitsa. Lazaro Miti anakhala pansi. Anatulutsa mpando pakhonde n'kukhalapo, manja pa maondo. Anthu odutsa ankachotsa zipewa n'kufunsa monong'ona ngati pachitika zovuta. M'mawa ankanyamula khasu kupita kumunda, kupalira mzere wake mpaka kumapeto osadumphira kwina. Nkhokwe anamanga yokongola. Khola la Matiyasi anakonza. Khitchini anafolera. Monika anati, eya, Mulungu wamva.

Koma masiku atapita, anaona kuti munthu akutha. Chakudya ankangochitosa. Lamba anaboola bowo lina. Thupi lonse linali phee, kupatula mwendo wa kumanzere umene unkanjenjemera wokha, ngati galu womangidwa. Tsiku lina Monika anayesa dala.

"Kodi lero simunaone kanthu, atate ake Edita?"

"Ndikaona kuti?"

Anayankha modekha, wopanda mkwiyo, ndipo zimenezo ndizo zinamuopsa. Tsopano wosakhazikika anali Monika. Ankasesa pabwalo posesa kale. Ankatuluka ndi mtsuko, mitsuko yonse ili yodzaza. Atalephera kupirira, anakweranso phiri.

"Koma amayi, si inu munapempha?" anatero Bambo Kandevu.

"Ndinapempha mwamuna wokhazikika, Bambo. Sindinapemphe mtembo wovala malaya. Tseguleni."

Atabwerera kunyumba, Monika anaika malamulo ake: buku limodzi pa nthawi, ntchito ya kumunda ithe kaye, nkhokwe asaikhudze, ndipo zovala za mkazi wake azilambalale. Lazaro anavomera zonse asanamve n'komwe. Monika akumaliza lamulo lomaliza, mpando unali utagwa chagada, munthu ali pakati pa phiri.

Ya mzinga inachitika chaka chija kunavuta ku Nyasalande, asilikali atadzaza m'misewu ya kumalire kufunafuna anthu a Kongeresi ndi mapepala awo. Lazaro anali atapeza buku la Chijeremani la mipope yokokera madzi pansi. Anapalasa njinga mpaka kutsidya kwa malire, kumene mnzake wina anamuuza kuti pa famu yosiyidwa pali zitsulo zakale. Pobwerera anali ndi chipaipi chachitali atachimangirira panjinga, kukamwa kwake kutaloza kutsogolo, ndi buku lodzaza zithunzi za zitsulo zolowetsana, mivi ndi manambala.

Masana Matiyasi anafika kwa Monika ali wefuwefu. "Amake Edita, amuna anu awagwira cha ku Mwami. Akuti anyamula mzinga, ndi buku lake lomwe la kaphulitsidwe!"

Nthawi imeneyo munthu ankatha kutengedwa pa lole osaonekanso mpaka chaka china. Monika anathamangira kwa Bambo Kandevu, ndipo awiriwo anakwera njinga yamoto, ndevu zikuwuluka kutsogolo, Monika akupemphera kumbuyo. Njira yonse ankaona mwamuna wake atamangidwa, atatupa nkhope.

Atafika pamene asilikali anatchinga msewu, anapeza chipaipi chija chitaimikidwa pakati pa bwalo. Msilikali wina anachigwirira, wina ananyamula ndowa, wachitatu anatsegula buku pamwamba kuti aliyense aone. Mzungu wamkulu wawo anali atakhala pa bokosi, mutu uli m'manja. Lazaro ankazungulira onsewo, manja ali m'mwamba.

"Ayi, achimwene, mwapendeketsa! Madzi sakwera chopendekeka. Bwana, taimirirani muone, apa ndiye pali nzeru yonse. Taimirirani!"

Sajeni ataona Monika anabwera mothamanga. "Mayi, bambowa ndi anu?"

"Ndi anga."

"Atengeni, chonde. Tinawaimitsa m'mawa kuti tiwafunse mafunso, mpaka pano sitinapeze mpata. Achite kunyamula ndi chitsulo chawocho."

Monika anakhala pansi pamsewu pomwepo, kuseka ndi kulira zitasakanikirana. Lazaro anamuyang'ana modabwa. "Mwabwera kudzatani, amake Edita? Tatsala pang'ono kumaliza."

Mpopewo sunatulutse madzi. Unkangolira ngati ng'ombe yofuna mwana wake, n'kulavula matope. Koma Lazaro sanausiye msanga monga ankachitira ndi zina, mwina poti ankaona mkazi wake akukalamba ndi mtsuko pamutu. Zaka zinapita akuubwerera. Ndiye chaka china mu Juni, kukuzizira kwambiri, anakhala tsiku lonse m'chitsime cha kudambo madzi ali m'chiuno. Anabwera akutsokomola. Pasanapite nthawi chibayo chinamugwetsa.

Kumugoneka inali nkhondo. Monika ankachita kukhalira nsonga ya bulangete kuti asadzuke. Mankhwala a ku mishoni anamwa, koma mpweya unkangochepa. Bambo Kandevu anatsika phiri ndi mafuta a odwala. Atamaliza mapemphero, anayang'ana Monika ngati mwana wopempha chilolezo, n'kusolola buku mu mkanjo.

"Mupatseni," anatero Monika.

Lazaro anatembenuza masamba. Pena anaima. Maso amene anali atalowa m'kati anayaka.

"Amake Edita, bweretsani phazi."

"Phazi langa likulowa bwanji m'matenda anu?"

"Pondani pa thabwa ili."

Anajambula phazilo ndi pensulo. Anaitanitsa mpeni, kachikopa, ndi chikwakwa chakale chothyoka. Masiku otsatira ankasema ali chigonere, tizibenthu ta thabwa tikudzaza pa bulangete, akapuma n'kuyambanso. Monika akafunsa, ankangoti, "Chaka chino msana wanu upumula. Muzingoyenda m'mizere, udzu uzigwa wokha."

Anamwalira m'mawa, dzuwa likuwala kale pakhomo, mpeni uli m'manja. Pa maliro anthu anadzaza mpaka kudambo. Amene ananyamula bokosi analumbira kuti linkawakoka kutsogolo, moti Matiyasi, misozi ili mbwembwembwe, anachita kunena kuti, "A Miti, pang'onopang'ono, kumeneko sikuchedwa munthu."

Maliro atatha, Monika anatenga chimene mwamuna wake anasiya. Inali nsapato imodzi ya thabwa, ya zingwe zachikopa, kunsi kwake kuli mpeni wautali wochokera kuchidendene mpaka kuzala. Anaikulunga m'nsalu pamodzi ndi buku lija n'kukwera phiri. Aka kanali koyamba kulowa m'kati mwa laibulale. Anaona mashelefu akufika kudenga, misana ya mabuku ili ndandanda, yakuda, yofiira, yosuluka, ndipo anadabwa kuti chipinda cha zii chotere ndicho chinkatulutsa phokoso lonse lija.

"Bambo, ndabweza buku lanu. Koma tandiuzani, nsapato zopalirira zimenezi kwanu zimagwiradi ntchito?"

Bambo Kandevu anatsegula pa tsambalo. Panali anthu ovala malaya okhuthala, manja kumbuyo, ataima ndi mwendo umodzi pamalo oyera osalala. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana nsapato, ndevu zinayamba kugwedezeka.

"Amayi, izi si zopalirira. Kwathu kukazizira kwambiri, madzi a mumtsinje amauma n'kukhala ngati mwala. Ndiye anthu amavala nsapato izi n'kumatsetsereka pamwamba pake. Ndi masewera chabe."

"Masewera?"

"Masewera. Ndili mnyamata ndinkapita nazo kusukulu."

Monika anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira shelefu, mpaka anakhala pansi, mpaka kusekako kunasanduka china. Wansembe wokalambayo anakhala naye pansi pomwepo, akupukuta magalasi.

"Ndinaona tsamba limene anatsegula," anatero Bambo Kandevu. "Ndikanamuuza. Ndakhala ndikudzifunsa."

"Munachita bwino osawauza," anayankha Monika, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mukanawauza, bwenzi atadzuka kukayamba ntchito youmitsa mtsinje wa Lutembwe."

Nsapatoyo anabwerera nayo kunyumba. Inali yomukwana ndendende.

Kuchokera pamenepo kumunsi kwa phiri kunakhala bata, bata lambiri kuposa limene anthu ankafuna. Chinthu ukachisiya pabwalo, mawa unkachipeza pomwepo. Amayi akakumana kuchitsime ankapatsana moni, kufunsana za ana, kenaka nkhani n'kutha, mitsuko isanadzaze. Amuna ankakhala pansi pa mtengo masana, wina n'kuyasamula, wina n'kunena kuti masiku ano dzuwa likuchedwa kulowa. Ku laibulale mabokosi ankafikabe pa lole, koma ankakhala pakhonde mlungu wathunthu osakhomoledwa misomali.

Monika anakhala zaka zambiri ndithu, akulima mtedza wake, osasowanso kanthu. Koma amene ankayenda naye amati panjira yopapatiza ya kumunda, nthawi zina ankapatukira m'udzu mwadzidzidzi, n'kuima, dengu lili pamutu, ngati akupereka njira kwa wina wobwera mothamanga kumbuyo. Ankadikira pang'ono. Kenaka ankabwerera m'njira n'kupitiriza ulendo.